Kani omeprazole si wa "m'mimba mukawotcha"

Sabata ino ndikuwerenga za mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, mayeso ayandikira koma kutentha kwa kuno ku Nchalo eeh masana mutu sugwira, ndimawerenga usiku pamphasa panja, udzudzu nawo uli pa shifiti.

Ine omeprazole ndimamutenga ngati Panado wa ma ulcers, m'mimba mukawotcha wameza basi. Kani ayi. Magnesium wotafuna uja ndiye amazimitsa asidi yemwe watuluka kale, koma uyuyu amakatseka timapampu ta m'khoma la chifu totulutsa asidiyo, ndipo amagwira bwino timapamputo tikadzutsidwa ndi chakudya. Ndiye umamwa m'mawa mphindi 30 usanadye phala, daily, masabata 4 chilonda chikakhala ku duodenum (poyambira matumbo aang'ono), 8 chikakhala m'chifu mwenimwenimo. Osati ululu ukangoleka nawenso waleka.

Apa ndinangoona malume anga. Amadula nzimbe, msana suwapatsa mtendere ndiye m'thumba la shati simusowa Indocid kapena Brufen wa paokala, amameza mbandakucha m'mimba muli gwaa ali panjinga, madzulo m'mimba mukayamba kuluma ka omeprazole kamodzi ndi kapu ya mkaka ati zatheka. Chonsecho mapilisi a msanawo ndi amene akuchepetsa ma prostaglandin oteteza khoma la chifu, mkakawo umangonamiza kanthawi kochepa asidi nkubweranso. Kutunga madzi ndi dengu.

China choyambitsa zilonda za m'mimba ndi H. pylori, kachilombo komwe Barry Marshall ndi Robin Warren anakapeza ku Perth mu 1982. Madokotala anzawo ankakana kuti kangayambitse zilonda mpaka Marshall mu 1984 anangokamwa yekha nkudwala, kupeza kachilomboka kunawapatsa iye ndi Warren Nobel mu 2005. Omeprazole payekha sakachotsa kameneka, pamafunika amoxicillin ndi clarithromycin kapena metronidazole pamodzi naye masiku 14, apo ayi chilonda chimapola nkuyambiranso.

Dzulo ndinalimba mtima kuwafunsa malume ngati chimbudzi chawo chinayamba chada bii ngati phula, poti zikatero ndiye kuti chilonda chikutaya magazi. Anaseka mpaka kutsokomola, "Mphwanga, sukulu yakoyi yafika mpaka kuchimbudzi?" Kenako anakhala chete, nkunena kuti mwezi watha zinachitika kawiri. Lolemba ndikuwaperekeza kuchipatala, Indocid uja ndawalanda ali m'chikwama changa, akundiyang'ana ndi diso lofiira mpaka pano.