Zikomo nonse amene munawafikitsa bambo anga ku Edinburgh

Abale ndi alongo, makamaka inu a m'gulu lathu la Amalawi la pa WhatsApp kuno ku Leeds, ndalemba poyera chifukwa kuimba foni mmodzimmodzi ndingathe kudumpha wina, ndiye zingandipweteke mtima.

Ambiri mukudziwa kuti chaka chatha bambo anga anadwala sitiroko kumudzi. Mwendo ndi mkono wakumanzere zinafooka, kulankhula kunavuta, ndipo ndalama zonse zomwe ndinkasunga zinathera ku mankhwala, kwa wowaphunzitsa kuyenda komanso ku galimoto yowatengera kuchipatala. Atayamba kuyenda ndi ndodo, tinakokerana pachibale mpaka tikiti ya ndege inapezeka kuti adzaone mdzukulu wawo. Apo m'thumba munatsala mbee. Atandiuza kuti asanabwerere akufuna kukaponda ku Edinburgh, likulu la Scotland, ndinawayankha kuti "tiona, bambo", ndipo nonse mukudziwa tanthauzo la yankho limeneli.

Ife timasonkherana kawirikawiri, koma nthawi zambiri chimakhala chamaliro. Uthenga ukalowa usiku pagulu paja mtima umagunda, timadziwa kuti pakufunika za bokosi ndi za ndege yonyamula thupi. Ulendo uno munasonkhera munthu wamoyo kuti akangoona malo, akasangalale, abwereko. Panalibe amene anafunsa kuti kodi zimenezi n'zofunika bwanji. Chimenecho ndi chimene chandikhudza kwambiri, kuposa kuchuluka kwa ndalamazo.

Achemwali amene timagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba, ndinu munayambitsa nkhaniyi ine osadziwa, ndipo munagwira mashifiti anga a Loweruka ndi Lamulungu osanyinyirika. Mulungu akubwezereni. Achimwene oyendetsa basi aja, ndinu munatiuza kuti tidikire Januwale, chikondwerero cha chaka chatsopano chomwe iwo amati Hogmanay chikadutsa, pamene alendo amachepa ndipo mitengo imatsika. Ndinunso munakhala pa foni kusaka matikiti a sitima ogulidwiratu, a nthawi yomwe anthu ambiri sayenda. Amayi a kumpingo, chikhoto chachikulu chija, magolovesi, chipewa chaubweya ndi nsapato zosaterera zija zinagwira ntchito yake. Bambo poyamba ankakana chipewacho, amvekere mkulu wa mpingo savala zotere. Titangotuluka pa siteshoni ya Waverley mphepo n'kuwaomba, anachipempha okha.

Mwina ena mukudabwa kuti bwanji Edinburgh, osati London kumene aliyense amathamangira. Bambo ndi mphunzitsi wopuma pantchito komanso mkulu wa mpingo wa CCAP, Sinodi ya Blantyre. Moyo wawo wonse akhala akuphunzitsa ana kuti mishoni ya Blantyre inakhazikitsidwa m'chaka cha 1876 ndi a Church of Scotland, kuti dzina la Blantyre linachokera ku tauni yaing'ono ya kufupi ndi Glasgow komwe David Livingstone anabadwira mu 1813, ndiponso kuti Kamuzu Banda anamalizira maphunziro ake a udokotala ku Edinburgh mu 1941. Ankazinena pamtima, pa bolodi ndi choko, koma malo ake anali asanawaonepo.

Choncho poyambira pathu panali pa chiboliboli cha Livingstone m'munda wa Princes Street Gardens, pafupi ndi nsanja yakuda ija ya Scott Monument, mtunda wochepa kuchokera pa siteshoni. Chinaimikidwa mu 1876 momwemo, ndipo anachiumba ndi mayi, Amelia Hill. Bambo anaima pamenepo nthawi yaitali, ine mano akugundana. Kenaka anayamba kumuuza mdzukulu wawo, yemwe sanayambe n'komwe sukulu, za ulendo wa mu 1859 wokafika ku nyanja yathu, n'kuonjeza kuti nyanjayo anthu ankaidziwa kalekale ndipo ankawedzamo usipa mzungu asanafike. Uphunzitsi sutha ndi sitiroko ayi.

Kuchoka apo tinakwera pang'onopang'ono chitunda chotchedwa The Mound kukaona New College, kumene kuli holo yomwe msonkhano waukulu wa Church of Scotland umachitikira. Koma chomwe sadzaiwala ndi cha ku St Giles', tchalitchi chachikulu cha pa msewu wa Royal Mile, momwe John Knox, tate wa Chipresibeteriya ku Scotland, ankalalikira. Mkati munali mofunda, ndipo tinapumulamo ndithu. Kuseri kwake kuli malo oimikapo magalimoto, ndipo pa malo a nambala 23 pali mwala pansi wosonyeza kuti chapamenepo ndi pomwe Knox, amene anamwalira mu 1572, anaikidwa. Kale malowo anali manda. Bambo anagwira pakamwa. "Tate wa Chipresibeteriya, galimoto n'kumaima pamwamba pake? Kwathu anthu akanasala kudya." Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo kanali koyamba kuwamva akuseka choncho chidwalireni. Nkhani imeneyi aifotokozera kale abusa awo pa foni, ndipo ndikudziwa kuti ikafika m'maulaliki.

Kwa amene mukufuna kukayenda ndi ndalama zochepa, mzinda uja uli ndi chifundo pa chinthu chimodzi: malo ambiri abwino salipiritsa. Ku National Museum of Scotland, pa Chambers Street, tinalowa ulere, ndipo antchito ake anatibwereka njinga ya olumala osatilipiritsa kanthu. Mayi amene anatithandiza pakhomo paja sindikumudziwa dzina, koma anawalankhula bambo mwaulemu ngati kholo lake, naye ndikumuthokoza. Mmenemo muli thupi losungidwa la Dolly, nkhosa ija yomwe asayansi a ku Roslin Institute anaipanga mu 1996 kuchokera ku selo ya nkhosa ina yaikulu, popanda yamphongo. Bambo anaiyang'ana uku ndi uku n'kunena kuti ikungooneka ngati nkhosa basi. Pamwamba pa nyumbayo pali khonde lofikako pa chikepe, pomwe mzinda wakale wonse umaoneka popanda kukwera phiri. Kwa munthu woyenda ndi ndodo, pamenepo ndi pabwino koposa.

Mu Edinburgh Castle sitinalowemo. Tikiti yake ndi yokwera, ndipo mkati mwake ndi mokwera ndi motsika pamiyala, zomwe mwendo wa bambo sukanalola. Tinangofika pabwalo lakutsogolo kwake, pomwe salipiritsa, n'kujambulitsa. Mzinga womwe amaomba 1 koloko masana, mwambo womwe unayamba mu 1861 pofuna kuthandiza oyendetsa sitima zapamadzi kukonza mawotchi awo, tinaumvera pansi m'munda muja. Amaomba tsiku lililonse kupatula Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi tsiku la Khirisimasi. Mwana analira, agogo ake n'kukonza wotchi yawo. Phiri la Arthur's Seat, lotalika mamita 251, tinangolionera patali; munthu amene anakulira m'munsi mwa phiri la Zomba sangadandaule nalo.

Nyengo yozizira ili ndi zake. Kumacha mochedwa, cha m'ma hafu pasiti 8, ndipo ikamakwana 4 koloko madzulo mdima wayamba. Ndiye zoona panja ziyenera kuchitika masana, zam'nyumba n'kuzisiyira madzulo. Misewu ya mzinda wakale ndi yoyala miyala, ndipo ikanyowa imaterera koopsa. Ine ndinganene kuti amene muli ndi kholo lofooka miyendo musachite manyazi kukwera basi ngakhale pa mtunda waufupi. Mabasi a Lothian amangofuna kugunditsa khadi la kubanki, ndipo ndalama yodulidwa pa tsiku ili ndi malire, ngakhale mukwere kangati.

Tsopano kwa banja la ku Leith, dera la mu Edinburgh, lomwe linatisunga. Simunkatidziwa. Munangomva kwa achimwene aja kuti kukubwera mkulu wina wochokera kumudzi, ndipo munasamutsa ana anu m'chipinda chawo kuti ife tigonemo. Madzulo tinkapeza nsima ya ufa woyera, nyemba ndi kabichi, ndipo m'mawa mayi a m'nyumbamo ankatidzazira tiyi m'fulasiki ndi kutikulungira buledi wopaka majarini kuti tisagule chakudya m'tauni. Pamenepo ndi pomwe ndalama zambiri zinapulumukira, chifukwa malo ogona ndi chakudya ndi zomwe zimadya thumba ku Edinburgh. Bambo a m'nyumbamo anaumirira kuti mlendo sangachoke ku Scotland osalawa haggis, chakudya chawo chija chopangidwa ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa zosakaniza ndi oats. Bambo anga analawa, n'kuweruza kuti ndi zam'kati zabwinobwino, kungoti zasowa tsabola wa kambuzi. Nditafuna kusiya kangachepe patebulo tsiku lonyamuka, munandikalipira. Ndavomera kukalipiridwako, koma Leeds ndi kwanu tsiku lililonse lomwe mungafune.

Ndithokozenso amuna anga, omwe ananyamula mwana kumsana ndi chitenje pa Royal Mile anthu akuwayang'ana, kuti ine manja anga akhale pa bambo. Ndi achimwene anga ndi alamu anga kumudzi, amene munawasambitsa ndi kuwadyetsa bambo miyezi yonse ija pamene ine ndinkangotha kutumiza ndalama ndi kulira pa foni: ulendo uwu unayambira m'manja mwanu. Zithunzi ndatumiza, muwaonetse amayi, ndipo muwauze kuti chipewa akubwera nacho.

Ndalama zomwe munasonkha zinatsalako pang'ono. Ndakambirana ndi achemwali aja, ndipo tagwirizana kuti zibwerere m'thumba la gulu. Ndondomeko ya momwe zinayendera ndaika pagulu kuti aliyense aone. Bambo anyamuka kumapeto kwa mwezi uno, ndipo akufuna kukugwirani chanza okha. Loweruka likubwerali masana tidzakhala pakhomo, nsima idzakhalapo, ndiwo musavutike nazo. Amene muli pa shifiti, tiuzeni nthawi yomwe mukuweruka, tikusungirani.