Tchipisi ndi mwendo wa nkhuku: mafuta ambiri ali mbali iti ya mbale?

Mbale yogula masana pafupi ndi msika wa Kapata kapena pa siteshoni ya mabasi muno mu Chipata imaoneka mofanana pafupifupi paliponse: mulu wa tchipisi wodzaza mbale, mwendo umodzi wa nkhuku pambali, ndi kabichi wodula wongokwana kutsina ndi zala zitatu. Munthu amene wauzidwa kuchipatala kuti achepetse mafuta amayamba ndi nkhuku. Amasenda khungu, mwina n'kusiyiratu nyamayo, koma tchipisi amamaliza zonse mpaka tokhuma tam'mbali. Zimandidetsa nkhawa chifukwa wataya chimene thupi limachifuna kwambiri, n'kudya chimene amayenera kuchepetsa.

Tikati mwendo pano sitikunena zipalapasiro. Tikunena ntchafu pamodzi ndi chigawo cham'munsi chija chokhala ndi fupa limodzi lalitali.

Manambala otsatirawa ndi a m'matebulo a zakudya a bungwe la USDA la ku America, ndipo onse ndi a magalamu 100 a chakudya chophikaphika. Tchipisi zokazinga m'mafuta ambiri zili ndi makalori (muyeso wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi) pafupifupi 310, mafuta magalamu 15, sitachi ndi zina zopatsa mphamvu magalamu 41, ndipo zomanga thupi magalamu 3 okha ndi kanthu pang'ono. Chigawo cham'munsi cha mwendo, chootcha ndi khungu lake, chili ndi makalori pafupifupi 215, mafuta magalamu 11, zomanga thupi magalamu 27, sitachi mulibe. Mukachotsa khungu makalori amatsika kufika cha pa 170, mafuta cha pa magalamu 6. Ntchafu ndi yonona kuposa pamenepa: ndi khungu imafika makalori pafupifupi 245 ndi mafuta magalamu 15, ndiye kuti pa mafuta yangofanana ndi tchipisi, koma pa zomanga thupi yazisiya kutali kasanu ndi kawiri kapena kuposerapo.

Mbatatesi payokha ilibe mlandu. Yophika m'madzi ili ndi makalori 87 okha pa magalamu 100, ndipo mafuta ake ndi ochepa kwambiri moti sitingawawerengere. Pafupifupi magawo anayi mwa asanu a mbatatesi yaiwisi ndi madzi. Ikalowa m'chiwaya, thovu lonse mumaliona lija ndi madzi amene akuthawa ngati nthunzi, ndipo amasiya timaenje pakhungu la tchipisi. Mafuta amalowa m'timaenjeto, makamaka tchipisi zikavuulidwa n'kuyamba kuzirala. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, pamene galamu ya sitachi kapena ya zomanga thupi imapereka 4. Madzi atuluka, mafuta alowa, ndiye 87 uja wasanduka 310.

Koma palibe amene amadya ndi sikelo ya magalamu 100. Tiyeni tiwerengere mbale yeniyeni. Tinene kuti mulu wa tchipisi ukulemera magalamu 300, zomwe si zachilendo pa mbale yodzaza. Amenewo ndi makalori oposa 900 ndi mafuta magalamu 45, ofanana ndi masipuni aakulu atatu a mafuta ophikira, amene kuno timati saladi. Thirani masipuni atatuwo m'kapu muwaone. Ndi ochepa amene angavomere kuwamwa. Kwa munthu wamkulu amene amafuna makalori pafupifupi 2,000 pa tsiku, mulu umenewu watsala pang'ono kumaliza theka la tsiku lonse, chonsecho wapereka zomanga thupi magalamu 10 okha. Tsono tengani chigawo cham'munsi cha mwendo. Pafupifupi gawo limodzi mwa atatu ndi fupa. Ngati nyama ndi khungu zatsala magalamu 70, mwapeza makalori 150, mafuta magalamu 8, ndi zomanga thupi magalamu 19. Munthu wolemera makilogalamu 60 amafuna zomanga thupi pafupifupi magalamu 50 pa tsiku, kotero kachidutswa kameneka kam'patsa kale kopitirira gawo limodzi mwa atatu. Khungu limene anthu amalimbana nalo lili ndi mafuta osakwana supuni yaing'ono imodzi pa chidutswa chotere. Muluwo uli ndi ochuluka kuwirikiza kakhumi.

Sindikunena kuti tchipisi zilibe kanthu. Zili ndi potaziyamu wambiri, woposa mamiligalamu 500 pa magalamu 100, kuposa nkhuku. Zili ndi faiba yothandiza m'mimba, imene nyama ilibe ndi pang'ono pomwe, komanso vitamini C wotsalira pang'ono, ngakhale wambiri amaonongeka ndi moto ndiponso kuviika. Wopalasa njinga ya kabaza tsiku lonse m'zitunda za Chipata mphamvu imeneyo aiotcha. Vuto ndi lakuti mphamvu ya sitachi sitiisowa. Nsima, mpunga, kandolo, buledi, zonsezi zikutipatsa chomwecho. Chimene chimaperewera m'mbale zambiri za kuno ndi zomanga thupi, ayironi ndi zinki, ndipo apa ndi pamene mwendo ukuposera. Nyama yakuda ya mwendo ili ndi ayironi wopitirira miligalamu imodzi ndi zinki pafupifupi mamiligalamu 3 pa magalamu 100, kuposa ya pachidale, ndipo ayironi wa m'nyama thupi limamuyamwa mosavuta kusiyana ndi wa m'masamba. Ilinso ndi vitamini B12, amene mu mbatatesi mulibe. Kwa mwana amene akukula kapena mayi woyembekezera, kusiyanaku n'kwakukulu. Mukamagawana mbale imodzi ndi mwana, musam'patse tchipisi zokhazokha inu n'kutenga nyama. Mwana amakhuta msanga, ndipo akakhuta mafuta ndi sitachi malo a china chilichonse atha.

Nkhuku nayo imasintha ndi kaphikidwe. Mwendo woviikidwa mu ufa wosakaniza ndi mazira n'kukazingidwa umakwera kufika makalori pafupifupi 270 pa magalamu 100, chifukwa chikuto cha ufacho chimamwa mafuta ngati thonje. Wootcha pa mbaula mafuta ena amadontha. Wophika ndi tomato ndi anyezi mafuta amapita mumsuzi, ndipo mukhoza kuwayengula pamwamba ndi supuni. Nkhuku ya kumudzi kawirikawiri imakhala ndi mafuta ochepa kuposa broila, imene imasunga mafuta achikasu pansi pa khungu ndi m'mphepete mwa ntchafu. Amenewo duleni ndi mpeni musanaphike.

Ngati mukukazinga nokha, kapena muli ndi chiwaya cha malonda, kuchuluka kwa mafuta olowa mu tchipisi kuli m'manja mwanu. Dulani zokhuthala, zosachepera sentimita imodzi. Zopyapyala zili ndi khungu lambiri pa kulemera komweko, ndiye zimamwa kwambiri. Viikani m'madzi ozizira kwa mphindi 15 mpaka 30 kuti sitachi ndi shuga wapamwamba zichoke, kenako pukutani ndi nsalu yoyera mpaka ziume. Mbatatesi yonyowa imaziziritsa mafuta ndipo imathetheka. Mafuta akhale pa madigiri 170 mpaka 175. Popanda choyezera, ponyani kachidutswa kamodzi: kazunguliridwe ndi thovu nthawi yomweyo n'kuyamba kuyandama. Kakamira n'kukhala chete pansi, mafuta sanapse. Akamafuka utsi, apsereza. Cholakwa chachikulu ndi kudzaza chiwaya chifukwa makasitomala akudikira. Kutentha kumagwa, khungu la tchipisi silimalimba msanga, ndipo zimatuluka zofewa, zonyezimira, zosiya banga lalikulu papepala. Ikani pang'onopang'ono, mbatatesi isapitirire theka la mafuta. Mukavuula, gwedezani m'sefa nthawi yomweyo zikadali zotentha, chifukwa mafuta otsala pamwamba ndi amene amakokedwera mkati zikamazirala.

Mtundu wake ukhale wachikasu chagolide, osati wofiirira. Zakudya za sitachi zikapsa pa moto woposa madigiri 120 zimapanga akrilamaidi, chinthu chimene akatswiri a ku Sweden anachipeza m'zakudya mu 2002, ndipo nthambi yoona za khansa ya WHO, bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, imachiika m'gulu la zinthu zimene zikuoneka kuti zingayambitse khansa. Tchipisi zikamada, akrilamaidi amachuluka. Mbali zobiriwira ndi zophukira za mbatatesi zisendeni mozama kapena tayani mbatatesi yonse. Zili ndi solanini, poizoni amene kukazinga sikum'chotsa. Ndipo mafuta akada, akayamba kunanda m'mbali mwa chiwaya, kuchita thovu losatha kapena kununkha, atayeni. Kuthira atsopano pamwamba pa akale sikuwakonza. Kusefa tizinyenyeswa madzulo aliwonse kumathandiza kuti asaonongeke msanga.

Pa nkhuku choopsa chili pafupa. Moto wa malasha ukakhala waukali, kunja kumapserera mkati mukadali mwaiwisi, ndipo tizilombo ta Salmonella ndi Campylobacter timapulumuka. Mkati mwa ntchafu muyenera kufika madigiri 75. Bayani pamalo ponenepa kwambiri pafupi ndi fupa: madzi otuluka akhale oyera, nyama isakhale yofiira ngati yaiwisi kapena yoterera. Njira yosavuta ndi kucheka mizere iwiri yofika pafupa, kuwiritsa kwa mphindi 15, kenako kumalizira pa moto wofatsa. Mpeni ndi thabwa zimene mwadulira nkhuku yaiwisi zisakhudze kabichi musanazitsuke ndi sopo. Nkhuku yophika isakhale pamtetete kupitirira maola awiri, makamaka m'kutentha kwa Okutobala.

Mchere tisauiwale. WHO imati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 pa tsiku, supuni yaing'ono imodzi, kuphatikiza wa m'ndiwo zonse. Pa mbale iyi mchere umalowa katatu: m'zokometsera nkhuku, wowaza pa tchipisi, ndi wa mu sosi. Wodwala BP auze wogulitsa asawaze, awaze yekha. Supuni yaikulu ya mayonezi imawonjezera makalori pafupifupi 90, ndipo chakumwa cha gasi chimaunjika shuga pamwamba pa sitachi, zomwe wodwala shuga ayenera kuzipewa.

Pogula, pemphani theka la tchipisi, zongodzaza chikhatho chimodzi, magalamu 120 mpaka 150. Mwendo ukhale wootcha kapena wophika. Malo amene atsala m'mbale adzaze kabichi ndi tomato, kapena repu ndi chibwabwa ngati zilipo, ndipo finyirani ndimu pamwamba, chifukwa vitamini C amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'masambawo. Mbale yotere, yokhala ndi chigawo cham'munsi cha mwendo, ili ndi makalori apakati pa 550 ndi 650 m'malo mwa oposa 1,000, ndipo zomanga thupi zatsika ndi magalamu 5 kapena 6 okha.