Geography ndinakhoza, koma fomu ya ku yunivesite yandionetsa zakuda

Zatheka basi, fomu ya NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, yofunsira malo ku yunivesite za boma ndatumiza, koma mutu ukuwawabe. Inu a Form 4 amene mumaikonda Geography, ija ya ma contour ndi ma grid reference pa mapu a 1:50,000, tamverani kuno.

1 kapena 2 wanu wa Geo pa MSCE asakupusitseni. Amafuna ma credit 6 ndi Chingerezi chomwe, ndiye mukatsegula mndandanda wa makosi mupeza kuti zokoma zonse zija, Meteorology (zanyengo) ndi GIS (zopanga mapu pa kompyuta) ku MUST ku Thyolo, Land Surveying ku Mzuni kapena ku MUBAS, amayang'ananso masamu, kwina mpaka physics. Mnzanga wina ali ndi 2 ku Geo koma masamu anapeza 7, pano akungoyang'ana za uphunzitsi, sikuti ndi zoipa koma mtima wake unali pa zoyeza malo.

Chimene chinandipsetsa mtima ndi ku banki kolipira ndalama ya fomu. Ndinalawira m'mamawa, kufika mzere watulukira kale panja, dzuwa likuswa mtengo akuti netiweki yavuta dikirani, mlonda akungoti khalani pa mzere bwana, njala nayo ili pompo. Netiweki itabwera wa pa kauntala analakwitsa dzina langa pa slip, chilembo chimodzi chokha, ndikuwauza akuti amene amakonza zimenezo watuluka mubwere mawa. Mawa? Thiransipoti yakeyo akundipatsa ndani? Werengani slip musanachoke pa windo, kenako ijambuleni pa foni pompo.

Ndinaiwala, makosi musakasankhire pa kafe ya intaneti. Pamenepo mphindi ndi ndalama, mnyamata wake amangokufulumizitsa ndipo ungadine kosi yoti sukuidziwa n'komwe. Lembani papepala muli kunyumba.

A malume amandifunsa kuti Geography yakoyi udzadya mapu? Ine ndimawauza kuti akumbukire namondwe wa Freddy mu 2023. Amene amalengeza kuti namondwe akubwera ndi a zanyengo, kujambula madera osefukira ku Nsanje ndi Chikwawa pamafunika a GIS, ku DoDMA (nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), ku nthambi ya Surveys ndi m'makhonsolo nakonso amawafuna. Ntchito sizikupezeka mophweka, zoona, n'chifukwa chake podikira mayina a osankhidwa ndayamba kuphunzira QGIS, pulogalamu ya GIS, ndi yaulere, pa laputopu ya achimwene.

Koma masamu anzanga, masamu. Ndi slip ija, werengani dzina kawiri.