Alandilodi atandidulira magetsi ku Rosettenville

Ndinkachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Rosettenville, R2,200 pamwezi. Alandilodi atafuna kukweza lendi mgwirizano wathu usanathe, ndinakana mwaulemu. Mawa lake pobwera kuntchito ndinapeza magetsi atadula, nyama ya mufiriji ikuchucha madzi. Anandiuza kuti ndikapanda kuwonjezera ndalama aponya katundu wanga panja, ati mlendo alibe kokadandaula kuno ku Joni.

Mawu amenewa ndi amene amatifooketsa ambirife, koma ndi bodza. Gawo 26(3) la malamulo oyendetsera dziko la South Africa limati palibe munthu angachotsedwe m'nyumba popanda chigamulo cha khoti. Silinena za mbadwa zokha ayi. Lamulo la PIE la 1998, loletsa kuchotsa anthu m'nyumba mosatsata malamulo, limaika ndondomeko yake, ndipo wochotsa munthu ndi sheriff, mtumiki wa khoti, atanyamula chikalata cha khoti. Kudula magetsi, kutseka madzi kapena kusintha loko pofuna kuti wina atope asamuke, zonsezo n'zoletsedwa.

Bambo wina wachikulire wa kutchalitchi kwathu ndiye anandilozera njira. "Achimwene, ngakhale mtima uwawe chotani, musasiye kulipira lendi. Mukangosiya, mlandu watembenukira inu." Ndinapitiriza kulipira ndalama yakale ija kudzera ku banki kuti umboni uzitsala. Ndinajambula mita ya magetsi pafoni, n'kusunga mauthenga onse a pa WhatsApp, ngakhale otukwana omwe.

Kenako ndinapita ku Rental Housing Tribunal ya chigawo cha Gauteng, bungwe loweruza mikangano ya eni nyumba ndi ochita lendi, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Rental Housing Act la 1999. Salipiritsa, ndipo loya safunika. Ndinatenga pasipoti, mgwirizano wa lendi, malisiti a ku banki, adiresi ndi nambala ya foni ya alandilodi, n'kudzaza fomu ya madandaulo. Amene munangogwirizana pakamwa musagwe mphwayi: mgwirizano wotere ndi wovomerezeka, ndipo mukapempha kuti ulembedwe, mwini nyumba sayenera kukana.

Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti dandaulo likangolembedwa, mwini nyumba saloledwa kukuchotsani mpaka chigamulo chituluke kapena pathe miyezi itatu, bola inu mukulipira lendi. Kudikira kunali kowawa ndithu, kuphika pa sitovu ya parafini m'nyengo yozizira ya ku Johannesburg si masewera.

Tsiku lake litakwana anatikhazika tonse patebulo limodzi ndi mkhalapakati. Alandilodi anabwera ndi ukali, koma nditayala malisiti aja mwezi ndi mwezi, mawu anayamba kutsika. Tinagwirizana kuti abwezeretse magetsi ndipo lendi ikhale yomweyo mpaka mgwirizano uthe, tonse n'kusainira. Zikanakanika pamenepo, nkhani ikanapita pamaso pa Tribunal yeniyeniyo, yomwe chigamulo chake chili ndi mphamvu ngati cha khoti la majisitireti.

Mgwirizano utatha ndinasankha kusamuka, ndiye panatsala ya dipoziti, pomwe Amalawi ambiri timangosiya ndalama zathu n'kumati zapita. Lamulo limati dipoziti isungidwe ku akaunti yopanga chiwongoladzanja, ndipo chiwongoladzanjacho n'cha wochita lendi. Inu ndi mwini nyumba muyenera kuyendera nyumba limodzi polowa, komanso m'masiku atatu omaliza mgwirizano usanathe. Ngati palibe chowonongeka, ndalama ibwezedwe pasanathe masiku 7; ngati pali chokonza, zotsala zibwere pasanathe masiku 14 nyumba itabwezedwa, ndipo malisiti a zokonzazo muli ndi ufulu wowaona. Mwini nyumba akapanda kuyendera nanu, lamulo limatenga kuti nyumbayo ili bwino.

Ndinawalembera alandilodi uthenga wowapempha tsiku loyendera. Anabwera, tinaona khoma, chitseko ndi mawindo, ine foni ili m'manja ndikujambula. Anadula ya galasi limodzi lomwe linaswekadi ndili momwemo, zotsalazo zinalowa mu akaunti yanga sabata yotsatira.