Mmene ndinasititsira makomiki anga asanapimidwe giredi, ndi zimene zinatulukamo

Bokosi la makomiki 140 ndinaligula mumzinda wa Leicester, kumene ndimakhala, pa msika wa Lamlungu umene anthu amagulitsira katundu wakale kuchokera m'mabuti a galimoto zawo. Ambiri mwa mabuku a nthano za zithunziwa anali a kampani ya Marvel, osindikizidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo ena anali ndi mtengo wa mapeni a ku Britain pachikuto m'malo mwa masenti a ku America. Mwini wake anawasunga moimika m'bokosi lalikulu kuposa iwo, choncho ochuluka anali atapindika ngati uta, ena msana utakhotera kumbali. Nditayamba kufufuza mtengo wake, ndinaona kuti buku limodzimodzi lingagulidwe ndalama zochepa kapena zambiri ndithu malinga ndi nambala imene akatswiri opima alipatsa, ndipo m'pamene ndinamva koyamba za kusita makomiki.

Nambala imeneyi imachokera kwa makampani opima mabuku, ndipo yotchuka kwambiri ndi CGC ya ku Sarasota m'chigawo cha Florida, imene inayamba ntchitoyi m'chaka cha 2000. Iwo amaunika buku, n'kulipatsa giredi yoyambira pa 0.5 kufika pa 10.0, kenako amalitsekera m'kabokosi ka pulasitiki yolimba kamene osonkhanitsa makomiki amakatchula kuti slab. Pamwamba pa 9.0 masitepe ake ndi aang'ono kwambiri, 9.2, 9.4, 9.6, 9.8, koma kusiyana kwa mtengo pakati pa masitepe amenewa kumatha kukhala kwakukulu kuposa kusiyana kwa 5.0 ndi 7.0. Kusita kunabadwira pampata umenewu. Wosita amayamba wanyowetsa pepala pang'ono ndi chinyezi kuti lifewe, kenako amaika bukulo pakati pa mapepala osamata m'makina otentha ofanana ndi aja odindira zilembo pa malaya, n'kulipanikiza, ndipo amalisiya kuti lizizirire momwemo kwa maola ambiri. Popeza saonjezera inki, guluu kapena pepala, a CGC saona ntchitoyi ngati kukonzanso buku, ndipo buku lositidwa limalandirabe pa kabokosi kake chizindikiro cha buluu cha mabuku wamba, osati chapepo chimene amapatsa mabuku okonzedwanso, chimene chimagwetsa mtengo kwambiri.

Gawo loyamba, limene ndinathera nthawi yochuluka ndipo ndikuliona kuti ndilo linali lofunika koposa, linali kusankha. Ndinazimitsa nyale ya m'chipinda, n'kuika tochi chapambali kuti kuwala kuziyenda mogona pachikuto, chifukwa kuwala kochokera pamwamba kumabisa timaenje ndi timakwinya timene kuwala kwa m'mbali kumationetsa poyera. Pa khwinya lililonse ndinkadzifunsa funso limodzi lokha: kodi inki yasweka kapena ayi? Pepala likapindika koma mtundu wake n'kukhalabe wathunthu, kutentha ndi kupanikiza kungalibwezere mwakale. Koma pamene khwinya lasiya kamzera koyera, ndiye kuti inki inachoka pamalopo, ndipo ngakhale bukulo litawongoka bwanji, kamzerako kadzakhalapobe ndipo wopima adzakaona. N'chimodzimodzinso ndi kung'ambika, madontho a madzi kapena a mafuta, dzimbiri la timawaya tomangira masamba, ngodya zodyeka ndi mitundu yozilala ndi dzuwa. Zonsezi makina sazichotsa. Litsiro la pamwamba ndi zolemba za pensulo zimachoka pofufuta mosamala popanda madzi, koma za bolopeni sizichoka.

Mausiku anayi a ntchito imeneyi anandisiyira mabuku 23 okha amene zilema zake zinali zowongoleka. Ndinamva chisoni poika pambali ena amene ndinkawakonda, makamaka limodzi lokhala ndi chikuto chowala bwino koma timizera toyera tisanu tikutsika ndi msana wake, chifukwa timizera totere timabwera buku likamatsegulidwa kwambiri, ndipo ndi umboni chabe wakuti mwana wina analiwerenga mobwerezabwereza ndi mtima wake wonse.

Kenako ndinatenga pepala ndi cholembera n'kuyamba masamu. Pa buku lililonse mwa 23 aja ndinalemba giredi imene ndinkaganiza kuti lili nayo, potsatira mafotokozedwe a m'buku la mitengo la Overstreet limene lakhala likutuluka kuyambira 1970, ndi giredi imene likanafika likasitidwa bwino. Mitengo ndinaitenga pa msika wa pa intaneti wa eBay, koma osati imene ogulitsa amapempha, chifukwa munthu angapemphe chilichonse. Ndinkayang'ana ya mabuku amene anagulidwadi m'miyezi yapafupi. Ndinaonanso kaundula wa CGC wosonyeza kuchuluka kwa makope a buku lililonse amene apimidwa pa giredi iliyonse, pakuti buku limene makope ake a 9.8 ndi ambirimbiri silikwera mtengo ngakhale litakongola. Kumbali ina ya pepalalo ndinalemba zolipira: wosita, opima, positi yopita ndi yobwera, inshuwalansi, ndi gawo limene msika wa pa intaneti umadula pogulitsa. Kwa ine zonsezi zinkafika pafupifupi mapaundi 60 pa buku limodzi. Apa ndi pamene ambiri anagwa, chifukwa buku limene lingakwere kuchoka pa mapaundi 15 kufika pa 40 silibweza ndalama zolowetsedwa, ngakhale kusitako kutayenda bwino kotheratu. Anatsala asanu.

Buku lachisanu ndi chimodzi ndinachita kuligula padera, ndipo cholinga changa chinali kudziwa zoona. Magiredi a asanu aja anali ongoganizira ine mwini, kotero sindikanatha kunena motsimikiza kuti kusita kwawakweza. Choncho ndinagula buku lotsekeredwa kale pa 8.5, limene ndemanga za opima zinkanena za kupindika kwa chikuto chakumbuyo ndi timaenje ta zala, popanda kutchula kusweka kwa inki. Kutsegula kabokosi kake kunandiopsa, chifukwa ukangokathyola giredi ija yatha mphamvu, ndipo palibe amene angakulonjeze kuti bukulo lidzaipezanso.

Ganizo logwiritsa ntchito simbi yositira zovala linandibwerera, monga limabwerera aliyense, ndipo ndinayesa pa buku lopanda mtengo la m'bokosi lomwelo. Chikuto chinataya kunyezimira kwake pamene simbi inaima, ndipo masamba a m'kati anachita mafunde. Simbi imatentha malo amodzi, sipanikiza mofanana, ndipo kutentha kwake n'kovuta kukulamulira. Sindinabwerezenso.

Wosita ndinamupeza kudzera mwa mwini sitolo ina ya makomiki, ndipo ndisanatumize kanthu ndinamuimbira foni. Kampani ya CGC ili ndi nthambi yake yosita yotchedwa CCS, imene imalola kuti buku lisitidwe ndi kupimidwa pa ulendo umodzi, koma ine ndinkafuna kuona mabukuwo ndi maso anga pakati pa ntchito ziwirizi. Ndinawafunsa bambowo ngati amasiyanitsa kutentha pakati pa mapepala akale a nyuzipepala ndi mapepala osalala a masiku ano, ngati amalisiya buku kuti lizizire m'makina, ndiponso zimene amachita buku likawonongeka m'manja mwawo. Anayankha mosabisa kuti ngozi imakhalapo nthawi zonse, ndipo anandiuza kuti ndijambule buku lililonse kutsogolo, kumbuyo, pamsana ndi pamasamba apakati ndisanalitumize. Ndinaika lililonse m'thumba lake ndi katoni kakumbuyo, n'kuwamanga onse pakati pa makatoni olimba awiri okulirapo kuposa mabukuwo, kuti ngodya zisagunde bokosi.

Patapita masiku ochepa anandiimbira n'kunena kuti: “Achimwene, limodzi ili sindilikhudza. Pepala lake lauma kwambiri, ndipo ndikalipanikiza msana ung'ambika.” Linali lakale kuposa onse, masamba ake atachita bulauni m'mphepete. Mapepala a nyuzipepala amene makomiki a nthawi imeneyo ankasindikizidwapo ali ndi asidi amene amawadya pang'onopang'ono, ndipo akafika pouma chotere amathyoka m'malo mopindika. Kukana kwawoko kunandipatsa chikhulupiriro mwa iwo kuposa lonjezo lililonse limene akanandipatsa.

Mabuku asanu otsalawo anabwera patatha milungu itatu, ndipo anayi anali osalala mochititsa chidwi, misana itabwerera pakati, mafunde onse atatha. Buku lachisanu linabwera ndi vuto. Powongola msana wake wokhota, kawaya kam'munsi kanaboola pepala lapakati, ndipo tsambalo linatsala likugwira pa kawaya kamodzi. Zithunzi zanga zinasonyeza kuti pepala linali litayamba kale kutha mozungulira kawayako, chinthu chimene ine sindinachione posankha chifukwa maso anga onse anali pachikuto. Bambowo anabweza ndalama ya buku limenelo popanda kukangana, koma bukulo linali litatsika kuposa mmene linalili ndisanalitumize, ndipo ndinaganiza zosalipititsanso kwa opima.

Anayi aja sindinawatumize nthawi yomweyo. Pepala limene lakhala lopindika zaka makumi anayi nthawi zina limabwerera ku chizolowezi chake, makamaka likachotsedwa m'makina lisanazizire bwino kapena likasungidwa pamalo a chinyezi, ndipo nyumba za kuno ku England zimakhala ndi chinyezi chambiri m'nyengo yozizira. Ndinawagoneka chafufumimba m'chipinda chouma kwa milungu iwiri, kenako ndinawaunikanso ndi tochi. Pa limodzi kupindika kwa pangodya kunali kutayamba kuonekanso pang'ono, koma enawo anali chimodzimodzi.

Kutumiza ku CGC kumayamba ndi kulembetsa umembala ndi kudzaza fomu pa intaneti. Pa buku lililonse umalemba dzina, nambala yake, chaka, ndi mtengo umene ukuganiza kuti lili nawo, chifukwa malipiro amatengera mtengowo ndi zaka za bukulo, ndipo mabuku a kuyambira 1975 amawerengedwa m'gulu la amakono limene ndi lotsikirapo mtengo. Pa limodzi ndinalemba kuti ndi kope la mtengo wa mapeni, kuti zilembedwe molondola pachizindikiro. Phukusilo ndinalitumiza ku ofesi yawo ya ku London, ndipo kuchokera pamenepo ntchito yanga inali kudikira ndi kuyang'ana pa kompyuta mmene likusunthira kuchoka pa kulandiridwa, kupita pa kupimidwa, mpaka kutsekeredwa. Panatenga miyezi, ndipo munthu amene akufuna ndalama mwachangu ayenera kuwerengera nthawi imeneyi ngati gawo la mtengo, pakuti msika wa makomiki umasintha, ndipo buku limene anthu akulifuna lero chifukwa cha filimu imene ikubwera lingakhale litazizira pofika tsiku limene labwerera m'manja mwako.

Zotsatira zinali zosakanikirana. Buku lija la 8.5 linabwera ndi 9.2, ndipo limeneli lokha ndi limene ndinganene mosakayika kuti kusita kunalikweza, chifukwa linapimidwa ndi kampani imodzimodzi kawiri. Limodzi mwa a m'bokosi, limene ndinkaliyesa la 9.0, linapeza 9.6, ndipo phindu lake linalipira pafupifupi ulendo wonsewu. Lina linapeza 9.0 monga ndinkayembekezera lisanasitidwe, ndipo ndemanga za opima zinatchula timizera tiwiri tosweka inki pamsana timene ndinkatidziwa koma ndinatichepetsa m'maganizo mwanga. Lomaliza, lija la ngodya yobwerera, linapeza 8.5, ndipo ndalama zimene ndinalowetsapo zinaposa zimene linaonjezera pa mtengo wake. Nditawerengera pamodzi ndi buku lowonongeka lija, ndinatsala ndi phindu lochepa, lochokera pa mabuku awiri okha, limodzi mwa 140 aja ndi lija ndinagula padera.

Panatsala nkhani imodzi imene inandivuta mumtima. Chizindikiro cha pa kabokosi sichinena kuti buku linasitidwa, ndipo osonkhanitsa makomiki akhala akutsutsana kwa zaka zambiri ngati wogulitsa ayenera kuulula. Ena amati palibe chaonjezedwa, choncho palibe choulula. Ena, makamaka achikulire pa ntchitoyi, amati buku limene lasungika bwino lokha kwa zaka makumi anayi silifanana ndi limene lathandizidwa ndi makina, ndipo wogula ali ndi ufulu wodziwa. Ine ndili kumbali yachiwiriyi, chifukwa wogula wina amalipira mtengo wokwera poganiza kuti adzalisita yekha n'kulikweza, osadziwa kuti mwayi umenewo unagwiritsidwa kale ntchito. Pogulitsa la 9.6 ndi la 9.2 ndinalemba poyera kuti anasitidwa asanapimidwe, ndipo onse awiri anagulidwa mkati mwa mwezi umodzi.

Mabuku otsala m'bokosi ndinawagulira matumba ndi makatoni opanda asidi, n'kuwaimika mothinana bwino m'mabokosi a muyeso wake kuti asapindikenso. Lija la timizera tisanu pamsana, pamodzi ndi la tsamba logwira pa kawaya kamodzi, ndinawasiya kunja pashelefu ya pabalaza, ndipo mwana wanga wamkazi wayamba kuwawerenga madzulo akamaliza ntchito ya kusukulu.