Mizimu ya ku Soche patebulo la mkonzi

Buku lachiwiri limabadwa lili ndi ngongole. Amene anawerenga loyamba amabwera akudziwa kale chotheka ndi chosatheka m'dziko la nkhaniyo, ndipo akapeza kuti lamulo lina lasinthidwa mwakabisira sakhululuka. N'chifukwa chake Lolemba sindinayambe ndi zolemba zatsopano zimene mlembi wathu anatumiza. Ndinatenga buku lake loyamba, limene tinasindikiza kale, n'kuyamba kukopera m'kope malamulo onse amene iye mwini anakhazikitsa.

Ndine mkonzi wa mabuku pakampani ina yaing'ono mumzinda wa Blantyre. Zambiri zodutsa m'manja mwanga ndi mabuku a sukulu, poti ndiwo amatilipirira lendi ndi magetsi. Nthano zazitali za m'Chichewa timatulutsa mwa apo ndi apo, ndipo iyi ndi imodzi mwa zochepa zimene achinyamata anazifunafuna okha popanda mphunzitsi wowakakamiza. Nkhani yake ikuchitika mu Blantyre wa lero, wa maminibasi, kabaza ndi mafoni, koma m'mapiri ozinga mzindawu, Soche, Ndirande, Michiru ndi Mpingwe, mukukhala eni malo akalekale amene samwalira. M'buku loyamba mtsikana wina wa ku Chilobwe, wogulitsa kaunjika mu Limbe, anazindikira kuti amatha kuwaona ndi kuwamva. Bukulo linatha ndi pangano: anthu aleke kudula mitengo ya pamwamba pa phiri, mizimu ileke kutsikira m'makomo. Lachiwirili likunena za kusweka kwa panganolo.

Malamulo ake si ambiri. Mizimu siidya chakudya cha mchere, siinama, ndipo siiwoloka madzi oyenda pokhapokha munthu ataiitana. Lamulo lomalizali ndilo linapangitsa mtsinje wa Mudi kukhala malire m'buku loyamba. Nditatsegula zolemba zatsopano ndinapeza mzimu wina wa ku Soche wafika ku Mbayani usiku popanda wouitana. Ndinalemba m'mphepete kuti, wawoloka bwanji Mudi? Pena mtsikanayo ali ku Chilobwe akuonerera dzuwa likulowa kuseri kwa phiri la Ndirande, chonsecho phirilo lili chakumpoto kwa kumene waimako. Izi n'zazing'ono, zokonza ndi cholembera chofiira, koma wowerenga wa mumzinda muno amaziona msanga, ndipo akasiya kukhulupirira za dzuwa sangakhulupirirenso za mizimu.

Mawa lake, Lachiwiri, ndinawerenga zolembazo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, foni nditazimitsa. Mlembiyu wakula. Chimene chandigwira mtima n'chakuti mizimu yake ili ndi mlandu womveka. Pali mutu wina umene akuluakulu a m'phiri akhala pabwalo n'kumawerengera zimene ataya: mitengo yapita ku makala, miyala yaphwanyidwa n'kugulitsidwa pa wilibala, manda akale agawidwa maploti. Nawonso anthu ali ndi yankho lawo, loti mwana akalira ndi njala sungamuuze kuti mtengo uwu ndi wa mizimu. Palibe mbali imene mlembi waipeputsa.

Wakhudzanso za Napolo, ndipo apa ndinawerenga mtima uli m'mwamba. Makolo athu amati Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chimene chikamasamuka chimagumula nthaka n'kutsetsereka ndi madzi. Dzinali linamveka ku Zomba mu 1946, linamvekanso ku Phalombe mu March 1991, ndipo linabwerera pakamwa pa anthu mu March 2023 pamene namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala ya phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe. M'dziko lonse namondweyo anapha anthu oposa 1,000. Ena mwa amene adzagule bukuli anakumba nawo matope aja kufunafuna abale awo. Ndinkaopa kuti nkhaniyo inena kuti omwalirawo analangidwa chifukwa cholakwira mizimu. Sinatero. Napolo wa m'bukuli sasankha munthu ndipo ngakhale mizimu imamuopa, pamene anthu omanga m'mbali mwa phiri akuonetsedwa monga alili, osauka amene sanapeze malo kwina. Sindinakhudzepo ngakhale liwu limodzi.

Vuto linandipeza pa mutu 14. Ana ayamba kudwala m'dera, mankhwala a kuchipatala sakugwira, ndiye anthu aloza chala gogo wina wokhala yekha kumapeto kwa mudzi. Amutenthera nyumba, amugenda mpaka kufa. Mutuwo walembedwa mwaluso, moti utsi umachita kukununkhira. Koma pofika mutu 17 zikuululika kuti gogoyo analidi woipa: ndiye ankatsegulira mizimu njira, ndipo kuchipinda kwake ankasungako ndondocha. Ndiye kuti ogendawo sanalakwitse. Ndinatseka kompyuta n'kumuimbira mlembi kuti tionane mawa lake.

Anabwera Lachitatu masana ataweruka kusukulu kumene amaphunzitsa. Ndi mtsikana wodekha, koma pa zolemba zake sagonja msanga, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezo.

"Amayi, iyi ndi nthano chabe," anatero. "Kunja amalemba za anthu oyamwa magazi chaka ndi chaka, palibe amawaletsa. Bwanji ife tikalemba zathu mukuti tichepetse?"

Ndinamuyankha kuti, "Achemwali, wowerenga wa ku London akatseka buku lotero amakagona. Sapita kukagenda mayi woyandikana naye nyumba. Ife tikulembera anthu amene nkhanizi amazimva pamaliro ndi pachitsime ngati zoona."

Sindinafunikire kufukula zakale kwambiri. Mu January 2016 ku Neno anthu anapha okalamba anayi powaganizira kuti ndiwo anatumiza mphezi imene inapha mtsikana wa m'mudzimo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka muno mu Blantyre. Anthu anatchinga misewu, kuimitsa magalimoto, ndipo osachepera asanu ndi anayi anaphedwa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena mu October chaka chimenecho. Mmodzi mwa ophedwa muno mu Blantyre anali mnyamata wodwala khunyu. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, komabe okalamba akupitirira kuthamangitsidwa m'midzi mwawo. Ndinamuuza kuti sindingaike dzina la kampani yathu pa buku limene mnyamata wa Fomu 3 angaliwerenge n'kutsimikiza kuti nthawi zina gulu logenda limakhala likulondola.

Sikuti ndinangoima pa za chitetezo cha agogo. Mutu 17 ukuononganso bukulo. Mlembi watha mitu khumi ndi itatu akumanga mkangano waukulu pakati pa mzinda ndi mapiri ake, wokhudza malo, njala ndi ulemu wa akufa, kenaka zonsezo n'kuzitula pamutu pa nkhalamba imodzi. Mfiti ya kumapeto kwa mudzi taimva m'masewero a pawailesi ndi m'mafilimu osawerengeka. Iye anatilonjeza chinthu chachikulu kuposa pamenepo.

Anakhala chete, kenaka anandibwezera mawu amene ndikuwaganizirabe. Anati gogoyo akangokhala wosalakwa, wosadziwa kanthu, bukulo lisanduka kapepala ka bungwe kophunzitsa anthu kuti ufiti kulibe, ndipo achinyamata akanunkhiza chiphunzitso amalitaya buku. Anati m'dziko la nkhani yake mizimu ilipodi, ndiye anthu akamaopa sakuopa mphepo. Apa ananena zoona. Tinasiyana tisanagwirizane, iye atanyamula mapepala ake, nkhope ili gwa.

Lachinayi m'mawa ndinagwira za chiyankhulo podikira. Achinyamata a m'bukuli amayankhula cha m'tauni, chosakaniza, ndipo ndinachisiya momwemo chifukwa ndi mmene amayankhulira pa siteji ya minibasi. Mizimu imayankhula Chichewa chakale, cha miyambi, ndipo m'malo ena mlembi anachulutsa miyambi mpaka mfundo kusowa, ndiye ndinapatulira. Kalembedwe timatsata malamulo a 1990, ndipo pokayika timatsegula Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies ku Zomba.

Chakumadzulo uthenga unalowa pa WhatsApp, wautali, wolembedwa mothamanga. Yankho analipeza yekha, ndipo linaposa chilichonse chimene ine ndikadamuuza. Gogoyo aziyankhuladi ndi mizimu, anthu amene anamuona usiku akukwera phiri asakhale onama. Koma iye ndiye womaliza mwa osunga pangano, amene ankathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo wotsala, kupepesera mudzi wonse popanda woudziwitsa. Ana akudwala chifukwa mtengowo wadulidwa, ndipo odula ndi ambiri, aliyense ndi chifukwa chake. Pomugenda, anthu apha mkhalapakati yekhayo amene mizimu inkamumvera. Choncho mutu 14 ukhala momwe ulili, utsi ndi miyala yomwe, koma wowerenga akafika mutu 17 azindikira kukula kwa chimene chatayika. Anawonjezanso china chimene chinandilasa: mmodzi mwa oponya miyala akhale mlongo wake wa mtsikana wa kaunjika uja, mnyamata amene owerenga anamukonda m'buku loyamba. Ndondocha zachotsedwa. Ngakhale za Mudi zakonzeka, chifukwa tsopano mzimu uja wawoloka ataitanidwa ndi gogoyo m'mawu ake otsiriza.

Lachisanu linali la chikuto ndi ndalama. Wojambula wathu anabweretsa chithunzi chokongola, mzinda usiku, magetsi a Limbe pansi, pamwamba pake chigoba cha gule wamkulu. Ndinachikana. Zilombo za gule zili ndi eni ake ndi mwambo wake wa kudambwe, ndipo UNESCO inauzindikira guleyu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. M'bukuli mulibe gule ngakhale pamzere umodzi. Kuika chigobacho pachikuto pofuna kuopseza ogula n'kunamiza wowerenga komanso kunyoza a mwambowo. Wojambulayo anadandaula kuti chigoba chimagulitsa, koma tinagwirizana kuti ajambule chitsa cha mtengo uja, mizu yake ikulowa pansi pa nyumba za malata.

Kenaka ndinalowa kwa abwana ndi chiwerengero cha masamba. Osindikiza amapinda mapepala m'magulu a masamba 16, ndiye kulembanso mitu ya kumapeto kukutikankhira m'gulu lina lathunthu. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umene osindikiza akupatsa lero sukhalitsa. Abwana anafunsa ngati sitingangochotsa mutu 17 n'kusunga ndalama. Ndinawafotokozera kuti popanda mutuwo imfa ya gogoyo ikhala yopanda tanthauzo, ndipo amene anagula buku loyamba adzaona kuti tawathamangitsa. Anavomera, koma anati zithunzi za m'kati zichoke ndipo tsiku lotulutsa lisunthe ndi mwezi umodzi. Kalata yopempha nambala yozindikiritsa buku ya ISBN ku National Archives ku Zomba ndinaitumiza tsiku lomwelo.

Chimene sitinamalize ndi nkhani ya mlongo uja. Mlembi akufuna kuti bukuli lithe mnyamatayo asanaululike, mlandu wake udzaonekere m'buku lachitatu. Ine ndikuti buku lachitatu palibe akudziwa ngati lidzatuluke, poona mmene mitengo ya mapepala ikukwerera, ndipo wowerenga sayenera kudikira zaka kuti aone woponya mwala akuyang'anizana ndi chimene anachita. Sindikupempha kuti apolisi amugwire kapena mizimu imukanthe. Ndikufuna tsamba limodzi lokha pamene mchemwali wake akumufunsa kumene anali usiku umenewo, iye n'kuyankha. Mlembi wati aganizira kumapeto kwa sabata ino, ndipo mitu yolembedwanso aitumiza pasanathe masabata atatu.