Kuwerenga mphindi kapena makilomita pokonzekera marathon

Anthu ambiri amene akukonzekera mpikisano wa marathon amalemba ndondomeko yawo yothamanga potengera makilomita okha, ndipo ine ndikuona kuti njira imeneyi imavulaza makamaka amene angoyamba kumene. Thupi limatopa malinga ndi kutalika kwa nthawi imene lagwira ntchito ndiponso mphamvu imene lagwiritsa ntchito. Munthu amene amatha kilomita imodzi m'mphindi 4 amamaliza makilomita 30 m'maola 2, pamene mnzake amene amatha kilomita m'mphindi 7 amakhala panjira maola 3 ndi theka, ndipo mawondo, akakolo ndi minofu yake zimatenga masiku ambiri kuti zibwerere m'chimake, ngakhale papepala onse athamanga mtunda umodzi. Kuwerenga mphindi kumathandizanso tsiku likatentha kapena njira ikakhala ya zitunda, chifukwa munthu amachepetsa liwiro popanda kudandaula kuti sanakwanitse chiwerengero. Komabe mpikisanowo ndi wa makilomita 42.195, choncho mpikisano ukamayandikira ndi bwino kuyeserera liwiro limene mukufuna pa mtunda woyezedwa, monga pabwalo la mamita 400.